UPS, inveta, sola kapena jenereta: chimene chimayenera seva ya kunyumba magetsi akamathimathima

Seva ya kunyumba ndi kompyuta imene imasiyidwa yoyaka usana ndi usiku kuti izitumikira zipangizo zina za pakhomo. Ena amasungiramo zithunzi ndi zikalata za banja, ena mafilimu oonera pa TV ndi pa mafoni, ena zimene makamera a chitetezo ajambula, ndipo ena mabuku a ndalama a kabizinesi kawo. Malangizo ambiri a kasamalidwe kake amalembedwa ndi anthu okhala kumene magetsi amathima kamodzi pachaka kwa mphindi zochepa, ndipo kwathu kuno malangizo otere amafika potisokeretsa. Magetsi ambiri a m'Malawi amachokera mumtsinje umodzi wa Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 mpaka chaka cha 2023. Ku Zambia nako, madzi atachepa mu Kariba mu 2024, madera ambiri ankakhala maola oposa 17 patsiku opanda magetsi.

Pali mavuto awiri amene anthu amawasakaniza pogula zipangizo. Loyamba ndi loti seva isathime mwadzidzidzi ili mkati molemba pa disiki, chifukwa apo ndi pamene mafayilo amaonongeka. Lachiwiri ndi loti seva ipitirize kugwira ntchito kwa maola asanu ndi atatu kapena khumi magetsi kulibe. Vuto loyamba limatha ndi ndalama zochepa, pamene lachiwiri limadya ndalama malinga ndi kukula kwa seva yanu, ndipo aliyense ayenera kudzifunsa moona mtima ngati seva yake ikufunikiradi kukhala yoyaka pamene TV, furiji ndi magetsi onse a m'nyumba azima.

Yambani ndi kuwerengera, musanapite kusitolo

Kamita kakang'ono kolowetsa pasoketi kamene kamaonetsa mawati ndiko koyenera kugulidwa koyamba. Kompyuta yakale ya muofesi kapena seva yeniyeni yogula kaunjika, monga za Dell PowerEdge zimene zimakopa anthu chifukwa chotchipa, ikhoza kumadya mawati 100 kapena kuposerapo ngakhale isakuchita chilichonse. Mawati 100 kwa maola 24 ndi mayunitsi 2.4 patsiku, kutanthauza mayunitsi 72 pamwezi pa mita yanu. Kakompyuta kakang'ono kokhala ndi purosesa ya Intel N100 kamakhala pa mawati 10 kapena kucheperapo kakakhala kopanda ntchito yambiri, ndipo Raspberry Pi 4, kompyuta yaing'ono yokwana m'dzanja, imadya pakati pa mawati 3 ndi 7. Mukaonjezera rauta, kabokosi ka intaneti ndi disiki imodzi yakunja, zonse pamodzi zimafika mawati 30.

Kusiyana kwake kumaonekera pa batire. Kuti zipangizo za mawati 30 zikhale zoyaka maola asanu ndi atatu pamafunika 240Wh (Wh ndi mawati kuchulukitsa ndi maola), koma za mawati 120 zimafuna 960Wh, kuwirikiza kanayi. Batire lili ngati mgolo wa madzi osungira pa nthawi imene mpopi wauma: kuchepetsa otunga n'kotchipa kuposa kugula migolo inayi. Kwa ine, ndalama yogwiritsidwa bwino kwambiri pa nkhani yonseyi ndi yogulira seva yaing'ono, ndipo njira zonse zimene zikutsatirazi zimapepuka munthu akayamba wachita zimenezo.

UPS

UPS ndi bokosi lokhala ndi batire limene limapitiriza kupatsa kompyuta magetsi pamene a pasoketi athima. UPS yaing'ono imene imapezeka m'masitolo a makompyuta, ya 650VA kapena 850VA, kawirikawiri imakhala ndi batire limodzi la 12V 7Ah kapena 9Ah mkati (Ah ndi muyezo wa kukula kwa batire). Batire la 7Ah limasunga 84Wh pa pepala, ndipo zimene zimafika ku seva n'zochepa kuposa pamenepo. Pa mawati 120 mudzapeza mphindi 15 kapena 20 batire likadali latsopano, ndipo pa mawati 30 mudzapeza pafupifupi ola limodzi kapena kupitirirako pang'ono. Nambala ya VA yolembedwa pakatoni imanena za kulemera kwa katundu amene UPS ingasenze, osati kutalika kwa nthawi, komanso si yofanana ndi mawati: UPS yotchipa ya 650VA imapirira mawati pafupifupi 360 mpaka 390 basi.

Ubwino wa UPS ndi liwiro. Magetsi akathima imasinthira ku batire m'mamilisekondi osapitirira 10 (sekondi imodzi ili ndi mamilisekondi 1,000), pamene pawa sapulayi ya kompyuta, mbali imene imalandira magetsi a pasoketi, imatha kudikira mamilisekondi pafupifupi 16 isanagonje, choncho seva siimva n'komwe kuti china chachitika. Pali mitundu itatu. Yotchipa kwambiri imangodikira kuti magetsi athime. Yapakati, imene imalembedwa kuti line-interactive kapena AVR, imathanso kukweza kapena kutsitsa magetsi akabwera ofooka kapena amphamvu mopitirira, popanda kukhudza batire, ndipo imeneyi ndiyo yoyenera madera amene mababu amachita mdima madzulo aliyense akayatsa kuka. Yachitatu, ya online, imapanga magetsi ake nthawi zonse moti palibe kusinthira kulikonse, koma ndi yodula, imalira mafani kosalekeza, ndipo imadya mayunitsi payokha. Seva ya pakhomo sifuna UPS yotereyi kwenikweni.

Chimene ambiri amaiwala ndi kawaya ka USB. UPS yopanda kulumikizana ndi seva imangochedwetsa ngozi, chifukwa batire likatha seva imathimabe mwadzidzidzi monga ikanachitira popanda UPS. Gulani yokhala ndi doko la USB, ndipo pa seva ya Linux ikani pulogalamu ya NUT kapena apcupsd, imene imamva kuti magetsi athima n'kuuza seva kuti itseke mafayilo ndi kudzizimitsa bwinobwino. Ndi bwino kuikonza kuti izizimitsa seva pakatha mphindi zisanu m'malo modikira batire kuti litheretu, chifukwa batire la mtundu umenewu likamakhuthulidwa mpaka pansi tsiku ndi tsiku silimaliza chaka. Mu BIOS, makonzedwe amene mumalowamo kompyuta ikangoyamba kuyaka, muli malo amene mungauze kompyuta kuti iziyaka yokha magetsi akabwerera, ndipo popanda kukonza pamenepo seva idzakhala chigonere mpaka wina adine batani.

Pali chizolowezi chochotsa batire laling'ono la UPS n'kumangirirapo batire lalikulu la 100Ah ndi mawaya otulukira kunja. Zimagwira ntchito masiku oyamba, koma sindingalangize munthu kutero. Chaja ya mkati mwa UPS yaing'ono imapereka pafupifupi ampeya imodzi, kotero batire lalikululo lingafune masiku anayi kuti lidzaze, ndipo thiransifoma yake inapangidwa kuti izigwira ntchito mphindi zochepa popanda fani, osati maola asanu ndi limodzi mkati mwa bokosi la pulasitiki.

Inveta ndi batire lakunja

Inveta imasandutsa magetsi a batire kukhala a 230V ngati a pasoketi. Iyi ndiyo njira ya munthu amene akufuna seva ikhale yoyaka nthawi yonse ya mdima, ndipo ndi pamene pamafunika kulingalira kwambiri, chifukwa zolakwika zake n'zodula.

Pa inveta penipeni yang'anani zinthu zitatu. Ikhale yotulutsa magetsi osalala, amene amalembedwa kuti pure sine wave, chifukwa mapawa sapulayi ambiri a masiku ano amalira kapena kuzima akapatsidwa magetsi a inveta zotchipa za modified sine wave. Ikhale ndi chaja mkati ndipo izisinthira yokha mofulumira. Zambiri zili ndi njira ziwiri, ina yolembedwa UPS imene imasinthira m'mamilisekondi 10, ina ya zipangizo wamba imene imachedwerapo kufika 20, ndipo seva imafuna yoyambayo. Chachitatu n'chimene ogulitsa satchula: inveta imadya magetsi payokha ikangoyaka. Yaing'ono imadya mawati 10 mpaka 20, ndipo zikuluzikulu za 5kVA zimatha kudya 50 kapena kuposerapo. Kulumikiza seva ya mawati 30 ku inveta yaikulu yotere kukutanthauza kuti gawo lalikulu la batire likuthera pa inveta yomweyo.

Nkhani yaikulu ili pa batire. Batire la galimoto lichotseni m'maganizo, chifukwa linapangidwa kuti lipereke mphamvu yambiri kwa masekondi ochepa poliza injini, ndipo likamakhuthulidwa pang'onopang'ono kwa maola limafa m'miyezi yochepa. Otsala ndi mabatire a mtovu opangidwira sola, kaya a madzi, a gel kapena AGM, ndi mabatire a lithiamu a mtundu wa LiFePO4.

Batire la mtovu la 12V 100Ah limasunga 1,200Wh, koma kuti likhalitse muyenera kugwiritsa ntchito theka lokha, 600Wh. Pa seva ya mawati 30 ndi inveta yodya mawati 20, amenewo ndi maola 12. Pa seva ya mawati 120 ndi maola anayi okha. Likamatsitsidwa kufika theka tsiku lililonse limapirira maulendo mazana angapo, kawirikawiri pakati pa 300 ndi 500 kwa mabatire wamba, ndiye kuti chaka chimodzi kapena chimodzi ndi theka pa nyengo imene magetsi akuthima tsiku ndi tsiku. Batire la LiFePO4 la 12.8V 100Ah limasunga 1,280Wh, mukhoza kugwiritsa ntchito 80 kapena 90 pa 100 iliyonse, ndipo limapirira maulendo oposa 2,000. Mtengo wake pogula ndi wokwera, koma mukawerengera mabatire a mtovu amene mudzagule m'zaka zisanu, lithiamu imatuluka yotchipa.

Komabe chimene chimandichititsa kukondera lithiamu kwambiri ndi kadzazidwe kake. Batire la mtovu limafuna maola asanu ndi atatu kapena khumi kuti lidzaze bwino, ndipo gawo lomaliza limalowa pang'onopang'ono ngakhale chaja ikhale yamphamvu chotani. Magetsi akamabwera pakati pa usiku n'kuthimanso m'bandakucha, batirelo silidzaza, ndipo mtovu wokhala masabata usanadzazidwe umamera timiyala ta sulphate pa mapuleti ake, mphamvu yake n'kuchepa osabwereranso. Ichi n'chifukwa chake anthu ambiri amadandaula kuti anawagulitsa batire lachinyengo pamene kwenikweni linafa ndi njala. Batire la LiFePO4 limatha kudzaza m'maola awiri kapena atatu likapeza chaja yokwanira, ndipo kukhala losadzaza sikulipweteka. Onetsetsani kokha kuti chaja ya inveta yanu ili ndi makonzedwe a lithiamu, ndiponso kuti batire lili ndi BMS, kabodi kamene kamaliteteza kuti lisadzaze kapena kukhuthuka mopitirira.

Wosankha batire la mtovu la madzi akumbukire kuti limatulutsa mpweya wa hydrogen podzaza, choncho lisakhale m'kabati yotseka kapena m'chipinda chogona, ndipo liziwonjezeredwa madzi a batire ogula, osati a pampopi kapena pachitsime. Pa batire la mtundu uliwonse, fyuzi ikhale pafupi ndi mutu wa batire, ndipo mawaya akhale onenepa, chifukwa pa 12V ngakhale katundu wochepa amakoka maampeya ambiri. Vuto limodzi la inveta zambiri n'loti siziuza seva kuti batire latsala pang'ono kutha, ndiye anthu ena amaika UPS yaing'ono ya USB pakati pa inveta ndi seva kuti ntchito yozimitsa bwino isasowe woigwira.

Mabokosi onyamulika a EcoFlow, Bluetti ndi ena ndi inveta, chaja ndi batire la lithiamu m'chinthu chimodzi. Ndi abwino kwa munthu wa nyumba ya lendi amene sangakhomerere chilichonse kukhoma, koma ena mwa iwo amatenga mamilisekondi 30 posinthira, nthawi imene ikhoza kuzimitsa kompyuta, ndipo ena amadzizimitsa okha akaona kuti katundu ndi wochepa kwambiri. Werengani zimenezi m'kabuku kake musanalipire.

Njira yosadutsa pa inveta

Rauta, kabokosi ka intaneti, Raspberry Pi ndi makompyuta ang'onoang'ono onse amagwiritsa ntchito magetsi a DC, mtundu umene batire limatulutsa, a 5V, 12V kapena 19V, ndipo kabokosi kakuda kamene mumalowetsa pasoketi ntchito yake ndi kutsitsa 230V kufika pamenepo. Kutenga 12V ya batire, kuikweza kufika 230V pa inveta, kenako kuitsitsanso kufika 12V ndi kutaya mphamvu kawiri popanda chifukwa. Ma UPS ang'onoang'ono a DC, amene anthu a ku South Africa anawazolowera kwambiri pa nthawi ya kuthimathima kwa magetsi a Eskom mu 2022 ndi 2023, amasunga rauta yoyaka kwa maola angapo ndipo alibe nthawi yosinthira. Kwa seva yaing'ono, batire la LiFePO4 ndi chaja yake ndi kachipangizo kokhazikitsa voteji zimapereka maola ambiri kuposa batire lomwelo likadutsa pa inveta. Samalani ndi voteji ndi maampeya olembedwa pa chipangizo chilichonse, komanso mbali ya pulasi ndi mainasi pa kapulagi.

Laputopu yakale ndi seva imene inabadwa ndi UPS yake. Imadya mawati 10 mpaka 20 sikirini ikazima, imadziwa yokha kuchuluka kwa batire, ndipo imatha kudzizimitsa nthawi isanathe. Choopsa chake ndi batire lokhala pa chaja chaka chonse lili lodzaza m'chipinda chotentha, chifukwa limatupa. Malaputopu ena, monga a ThinkPad, amalola kuti batire lizilekezera pa 80 pa 100 iliyonse, ndipo mukaona kiyibodi kapena pansi pa laputopu payamba kutukumuka, chotsani batirelo tsiku lomwelo. Kwa munthu woyamba kumene, ine ndingaloze njira imeneyi ndisanatchule zina zonse.

Sola ndi jenereta

Sola siilowa m'malo mwa batire. Imangolipatsa gwero lachiwiri lodzazira. Seva ya mawati 30 imadya 720Wh patsiku, tinene yunitsi imodzi mukaphatikiza zotayika, ndipo panelo limodzi la mawati 400 limapereka yunitsi imodzi ndi theka kapena kuposerapo pa tsiku la dzuwa labwino. M'miyezi ya mvula, kapena chiperoni chikakuta Blantyre, Thyolo ndi Mulanje m'nyengo yozizira, zokolola zimatsika kwambiri, motero mapanelo awiri ndi chowongolera cha MPPT, chimene chimayang'anira kadzazidwe ka batire kuchokera ku mapanelo, ndiwo muyezo wodalirika. Sola imayenera pamene magetsi amasowa nthawi yaitali moti batire silipeza mpata wodzaza, kapena pamene nyumba yonse ikuikidwa kale sola ndipo seva ikungokwera nawo. Kuikira sola seva ya mawati 120 yokha n'kuwononga ndalama. Ntchito yolumikiza ku mawaya a nyumba ipatsidwe kwa katswiri wa zamagetsi wokhala ndi chilolezo cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta m'Malawi.

Jenereta ndiyo yosayenera kwambiri pa zonsezi. Imafuna munthu woiliza, ndiye seva imakhala itathima kale. Yaing'ono ya petulo imamwa mafuta pafupifupi theka la lita pa ola ngakhale ikusenza mawati 30 okha, ndipo tonse tikudziwa kuti mafuta nawo amakhala ndi nyengo zake za mizere. Magetsi ake amakwera ndi kutsika, moti UPS zambiri zimawakana n'kumangolira tatata pa batire, kupatula ngati jeneretayo ndi ya mtundu wa inveta. Ngati ilipo kale pakhomo, igwiritseni ntchito kudzazira batire, seva izidya kuchokera ku batireko. Iziyakira panja nthawi zonse, chifukwa utsi wake uli ndi carbon monoxide, mpweya wopanda fungo umene umapha anthu ali mtulo, ndipo isalumikizidwe ku nyumba popanda switchi yosinthira, kuopa kubweza magetsi ku mawaya a panja kumene wina angakhale akukonza.

Kusamala zipangizo

Zipangizo zambiri sizipsa magetsi akamathima koma akamabwerera. Kabokosi koteteza voteji kofanana ndi kamene timaika pa furiji, kamene kamadikira mphindi zingapo kasanalole magetsi kudutsa ndipo kamadula akakwera mopitirira, kakhale patsogolo pa UPS kapena inveta. Waya wa neutral, umodzi mwa mawaya obweretsa magetsi kunyumba, ukaduka kapena kubedwa panjira, soketi ya 230V ikhoza kulandira mpaka pafupifupi 400V, ndipo ndi kabokosi kotere kamene kangapulumutse katundu. Zoteteza ku mphenzi zimadalira waya wa earth, choncho m'nyumba imene earth yake ndi yongoyerekeza sizithandiza kanthu. Muuzeni katswiri ayeze mvula zisanayambe. Mphenzi imalowanso kudzera pa waya wa netiweki wochokera padenga kapena wopita ku nyumba ina, pamene waya wa faiba sutenga magetsi. Ziphaliwali zikafika pafupi, kuzula pulagi kumaposa chipangizo chilichonse chogula.

Kutentha ndi mdani wa batire la mtovu. Limayembekezeka kukhala zaka zitatu mpaka zisanu pa madigiri 25, koma moyo wake umadulidwa pakati kutentha kukakwera ndi madigiri 8 kapena 10. M'nyumba ya malata yopanda siling'i mu Okutobala, kapena ku Chikwawa ndi Nsanje kumene kumapitirira madigiri 40, batire la UPS muziliyembekezera kufa msanga. Lembani tsiku limene munaliika pa kapepala n'kumata pa UPS. Seva ikhale pa shelefu, osati pansi pa simenti pamene fumbi losesa ndi madzi okolopa zimafika, komanso isakhale pawindo lolowa dzuwa.

Fumbi la m'chilimwe limatseka timipata ta mpweya ndi kuphimba zitsulo zoziziritsa purosesa mpaka kuoneka ngati bulangete lotuwa. Miyezi itatu kapena inayi iliyonse zimitsani seva, itulutseni panja, ndipo ipemerereni ndi bulowa mutagwira fani ndi chala kuti isazungulire mopitirira. Mukatsegula yang'ananinso alendo: nyerere ndi mphemvu zimakonda kufunda kwa pawa sapulayi ndi UPS, nalimata akagona pa bodi amalumikiza mawaya osayenera kukhudzana, ndipo makoswe amatafuna mawaya a netiweki kuseri kwa kabati. Kabatire kozungulira ka CR2032 ka pa bodi kakatha, seva imaiwala nthawi pamodzi ndi lamulo lija loyaka yokha magetsi akabwera, ndipo kumene magetsi amathima kawirikawiri kamatha msanga.

Ma disiki amachenjeza asanafe, koma amachenjeza amene akumvetsera. Pulogalamu ya smartctl imaonetsa kutentha kwa disiki ndi chiwerengero cha malo oonongeka amene yawasuntha. Chiwerengerocho chikayamba kukwera, gulani ina. Disiki yozungulira ikhale pansi pa madigiri 45. Raspberry Pi isadalire kakhadi ka SD, chifukwa ndiko koyamba kuonongeka magetsi akaduka, ndipo SSD, disiki yopanda zozungulira mkati, yolumikiza pa USB imapirira bwino. Ma disiki awiri otengerana zonse amakutetezani imodzi ikafa, koma mphenzi, wakuba kapena kufufuta molakwitsa zimatenga onse awiri nthawi imodzi, choncho mafayilo ofunika akhale ndi makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, ndipo kope limodzi lizikhala kunja kwa nyumbayo, kaya pa intaneti kaya pa disiki yosungitsa kwa m'bale.

Miyezi itatu iliyonse, pa tsiku limene muli pakhomo ndipo makope achitika, zimitsani soketi ya kukhoma dala n'kuyang'ana wotchi. Onani ngati seva yapitirira osagwedezeka, ngati yalandira uthenga kuchokera ku UPS, ngati yadzizimitsa pa nthawi imene munaika, ndiponso ngati yayaka yokha mutabwezera magetsi. Lembani mphindi zimene batire lapirira. Zikatsika kufika theka la zimene linkapereka lili latsopano, ligulireni lina, ndipo lakalelo mukalipereke kwa ogula mabatire akutha m'malo molitaya kudzala, chifukwa mtovu ndi asidi wake zimalowa m'nthaka ndi m'madzi a pachitsime.